Kuchokera ku Joni, Kalebe Sanabwere Yekha

Basi ya ku Joni inalowa pa depoti ya Mzimba dzuwa litapendeka, ikukoka ngolo yodzaza mafiriji okulungidwa m'mabulangete, matiresi, njinga ndi migolo ya pulasitiki. Anthu anaithamangira isanaime n'komwe. Scholastica sanathamange. Anaima pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi, akusisita diresi lobiriwira lomwe anasoketsa chifukwa cha tsiku limeneli.

Kwawo kunali ku Dedza. Boma linamutumiza kudzaphunzitsa pulayimale ku Engutwini asakudziwa ngakhale kuyankha moni m'Chitumbuka, ndipo amene anamuphunzitsa kunena "yewo" anali Kalebe Shaba, mnyamata wa ku Embangweni yemwe ankayendetsa minibasi. Chikondi chitangoyamba kukoma, Kalebe ananyamuka. Anati akakhala chaka chimodzi basi. Chaka chija chinabala zinzake. Anakhalako ku Joni, anatsikira ku Debeni, anakakwera zombo za nsomba ku Namibia, mpaka anakafika ku Kepitauni komwe ankayendetsa lole. Zaka zonsezo Scholastica anali pachibwenzi ndi mawu a pa foni.

Anamuona akutsika, atanenepako, atasunga ndevu. Anakweza dzanja kuti amukodole, koma Kalebe anatembenukira pakhomo la basi n'kupereka dzanja kwa munthu wina. Anatsika mkazi wamtali, tsitsi logula lofika m'chiuno, atavala jekete lachikopa lomukulira. Scholastica analidziwa jeketelo. Ankaliona pa zithunzi zonse zomwe Kalebe ankamutumizira nyengo yozizira.

"Schola!" Kalebe anamuona tsopano. Anadutsa pakati pa anthu n'kumukumbatira mpaka mapazi kuchoka pansi. Scholastica anatsinzina, misozi ili pafupi, koma paphewa pomwe anatsamiritsa mutu pankanunkhira mafuta a munthu wamkazi.

"Uyu ndi Samantha, NyaMoyo, mwana wa a Moyo a kwathu ku Embangweni. Amakhala ku Kepitauni. Tayendera limodzi."

Samantha anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi, n'kumwetulira.

"Eish, ndiye ndinu aphunzitsi aja? Mawu anu ndimawadziwa bwino, sisi. Nthawi zambiri mukaimba foni, ine ndimakhala ndili pompo."

"Mwayenda bwanji?" anatero Scholastica.

"Bwino chomene. Koma musamupatse za tsabola uyu, zimamuwotcha m'mimba. Mwina sanakuuzeni."

Sanamuuzedi. Galimoto ya mchimwene wake wa Samantha itabwera, mkaziyo anakwera akubayibitsa ndi zala ziwiri, jekete lija lili m'thupi.

* * *

Analowa m'lesitilanti ya kuseri kwa msika. Kalebe ankadya mpunga wa nkhuku ngati munthu amene wausowa zaka. Scholastica ankangotembenuza supuni.

"Sukudya bwanji?"

"Ndikuopa tsabola."

Kalebe anaseka, koma ataona nkhope yake analeka. "Schola, ndapota. M'basi munkazizira, mbwenu ndinamubwereka jekete. Kumene kuja anthu a kwathu timasungana. Palibenso china."

"Amakhala nyumba imodzi ndi iwe?"

"Mpanda umodzi. Zipinda zosiyana."

"Zaka zonsezi wandiuza za bwana wako, za galu wa bwana wako, za nyanja, za mphepo. Za Samantha wa mpanda umodzi sunandiuzepo."

"Chifukwa ndimakudziwa. Taona mmene wayambiramu."

Kenako Kalebe anapukuta m'manja n'kukoka mpando kusendera pafupi.

"Pali nkhani yaikulu kuposa jekete. Bwana wanga akufuna andilembe ntchito yokhazikika. Andipatsa nyumba yakeyake, ya madzi otentha m'kati. Akuti mwezi uno usanathe ndimuyankhe. Ndabwera kudzakutenga, Schola. Tikwatirane, tizipita."

Mawu amenewa anali atawadikira zaka, koma anafika atamangiriridwa ku ulendo.

"Ndikapita ndizikatani? Ine ndine mphunzitsi, Kalebe. Makalata anga sakagwira ntchito kumeneko."

"Ntchito ziliko. Za m'nyumba, zolera ana. Samantha amadziwana ndi anthu ambiri, akhoza kukupezera malo sabata yomweyo."

Scholastica anaika supuni pansi pang'onopang'ono.

"Ndisiye kalasi yanga, ndisiye amayi anga ku Dedza, ndipite ndikapemphe Samantha kuti andipezere khitchini yokolopa?"

"Sindinatero ine."

"Watero."

Ananyamula chikwama chake. Kalebe anamutsatira mpaka pa siteji, koma matola a ku Engutwini anali atadzaza kale, ndipo Scholastica anakwera osacheuka.

* * *

Masiku otsatira foni inalira mosalekeza. "Wadzuka uli, mama?" "Yankha, ndapota." "Adada akufuna kukuona." Scholastica ankawerenga, n'kuika foni chafufumimba patebulo.

"Ukumulanga kapena ukudzilanga?" anamufunsa Nesta, mphunzitsi mnzake yemwe ankakhala naye nyumba moyandikana. "Mwamuna wa ku Joni sasiyidwa yekha kuno, mnzanga. Atsikana a pa boma amanunkhiza basi isanafike pa Jenda. Pita ukakonzetse tsitsi, umuyankhe, muonane."

Loweruka anapita ku saluni pa boma. Atangokhala pansi, woluka atagawa tsitsi, anamva "eish" kumbuyo kwake. Samantha anali pampando wa pakona, zala zili m'mwamba, penti wa zikhadabo akuuma.

"Aphunzitsi! Ndamva kuti mwakana ulendo."

Atsikana oluka anatcherana maso. Wailesi inachepetsedwa.

"Wakuuzani ndani?"

"Mwini wake. Anabwera kwathu, nkhope ili gwa. Ndinamuphikira tiyi, wa shuga wochepa mmene amakondera, mpaka anayamba kuseka." Samantha anauzira zikhadabo zake. "Ine sindikukudani, sisi. Koma munthu uja sangakhalenso kuno. Waona nyanja, waona misewu ya magetsi. Mukufuna azikankha minibasi m'matope a ku Engutwini? Adzakudani pakatha chaka."

"Zimenezo tikambirana awiri."

"Awiri?" Samantha anaseka pang'ono. "Inu mumadziwa Kalebe wa pa foni, wosamba, wovala bwino, woseka. Pamene anamubaya anyamata aja pa siteshoni, munali kuti? Ndinamunyamula ndine. Ndinamutsuka bala ndine. Ankalira ngati mwana, akuitana amayi ake, ine ndili pambali pake. Apolisi akamasaka alendo, ankabisala m'chipinda mwanga, poti ine amayi anga ndi a komweko, sandigwira. Inu munkangolandira zithunzi."

Za kubayidwa Scholastica sanazimvepo. Panali nthawi ina pamene Kalebe anasowa pa foni mwezi wathunthu n'kudzanena kuti inabedwa.

"Mwamaliza?" anafunsa.

"Ndangokuthandizani."

Scholastica anauza woluka kuti apitirize. Anakhala pampandopo mpaka tsitsi lonse litatha, akuyang'ana pagalasi osaphethira, kuti mkazi uja asaone msozi ngakhale umodzi. Analirira m'matola, atatembenukira ku zenera.

* * *

Lamulungu masana, atabwera ku tchalitchi, anapeza galimoto ya Bestone pakhomo. Bestone anali kapitawo pa makina ocheka matabwa ku Chikangawa, munthu wa ku Ntcheu, wofatsa, yemwe mkazi wake anamwalira kalekale. Anadziwana pa msonkhano wa makwaya, ndipo poti onse anali a kutali, ankati ndi pachibale. Anamufunsirapo kamodzi, Scholastica anakana, ndipo Bestone sanabwerezenso. Anangopitiriza kubwera ndi tinthu: nkhuni, mbatata, tsiku lina misomali. Lero anabweretsa matabwa a shelefu ya mabuku.

Anali atagwada m'chipinda chochezera akukhoma, Scholastica atamugwirira thabwa, pamene njinga yamoto inaima panja. Kalebe analowa osagogoda, m'manja muli jumbo ya zinthu za ku Joni. Anaima pakhomo, maso ake akuchoka pa Bestone kupita pa Scholastica, kenako pa nsapato za Bestone zomwe zinali pakhonde.

"Odi kuno. Kapena ndasokoneza?"

Bestone anaimirira n'kupukuta dzanja pa thalauza. "Ndinu a Shaba? Takulandirani, achimwene. Timamva za inu tsiku ndi tsiku."

"Ine za inu sindinamvepo."

"N'zosadabwitsa, ndine wongothandiza." Bestone anatola hamala yake. "Ndamva kuti mumayendetsa malole akuluakulu. Kwathu kuja tikusowa dalaivala wonyamula matabwa kupita ku Lilongwe. Ngati mungaganize zokhala, mudzandipeze."

Atatuluka, Kalebe anaponya jumbo pampando.

"Ndiye chifukwa chake ukukana ulendo? Uli ndi kalipentala wako?"

"Samala pakamwa."

"Akudziwa pamene pamakhala hamala m'nyumba muno! Akuvula nsapato ngati kwawo! Mbwenu andilembe ntchito, ndizimunyamulira matabwa, iye azibwera kuno kudzakhoma?"

"Denga litasasuka ndi mphepo, unali kuti? Nditadwala malungo, ananditengera kuchipatala ndani? Munthu uja anandifunsira, ndinamukana, chifukwa cha iwe. Ndinamukana ndili ndekha, usiku ndikugona ndi foni m'manja." Anamuyandikira. "Vula malaya."

"Wati chiyani?"

"Ndione pamene anakubaya."

Kalebe anazizira. Kenako anakweza malaya. M'munsi mwa nthiti munali chipsera chachitali, chokwinyika ngati chosokedwa mothamanga. Scholastica anachikhudza ndi nsonga za zala, ndipo ukali wake unasanduka chinthu china cholemera kuposa ukaliwo.

"Unati foni inabedwa."

"Inabedwadi. Tsiku lomwelo." Anakhala pansi, mutu m'manja. "Ndikanakuuza ukanatani, Schola? Ukanangolira uli kuno. Sindinkafuna uzindiona choncho."

"Koma Samantha anakuona."

"Anali pafupi. Ndicho chokha."

"Ndicho chimene chikundipweteka. Anali pafupi."

Kalebe anamukokera pampando, ndipo ulendo uno sanakane. Kalebe anayamba kuyankhula motsitsa, ngati akudziyankhulira yekha. Anati kuja ankalota Embangweni, fungo la mvula yoyamba, ng'ombe za adada zikubwera madzulo. Koma chibwerereni akulota Kepitauni. Akadzuka amafuna kutsegula mpopi, n'kukumbukira kuti madzi ali ku mjigo. Anzake akale akamuona amangofunsa tsiku lobwerera, ngati kuti kukhala kwawo ndi kulephera.

"Kuja amanditchula mlendo. Kuno akunditchula wa ku Joni. Sindikudziwanso kwathu, Schola. Koma ndaperekezapo anzanga pa ngolo ya basi, ali m'bokosi, pakati pa mafiriji a anthu. Sindikufuna kudzabwera choncho."

"Ine sindipita, Kalebe. Ndikukonda, koma sindipita. Ndipo sindidikiranso pa foni. Usankhe."

Kalebe anangomupempha kuti Loweruka lotsatira apite naye kwa adada.

* * *

Kwa a Shaba kunali kupitirira pang'ono mishoni ya Embangweni, nyumba ya njerwa zootcha yomwe mbali ina inali isanafoleredwe. Scholastica anamanga chitenje pamwamba pa diresi, anagwada patali n'kupereka moni m'Chitumbuka chake chosweka. Adada a Kalebe, nkhalamba yowonda yotsokomola pafupipafupi, anaseka mokondwa.

"Yewo, mama, yewo chomene. Mwayesetsa."

Amene sanaseke anali ankhazi, a Philomena, mlongo wawo wa adada, omwe analera Kalebe amayi ake atamwalira. Anakhala pamphasa miyendo itatambasulidwa, ndipo anayankhula Chichewa mwadala kuti mlendo amve bwino.

"Ine ndilibe chifukwa ndi mwana uyu. Koma kwawo timakudziwa. Kumeneko mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ana n'kukhala a kuchikazi. Ife timalowola. Tipereke ng'ombe, mawa ana a Shaba akakulire ku Dedza?"

"Amayi, ine ndakhala kuno zaka zambiri," anatero Scholastica modzichepetsa. "Mwambo wanu ndimaudziwa, ndipo ndidzautsata."

"Nanga bwanji mukumuletsa kubwerera? Nyumba iyi aimaliza ndani? Ana a mchimwene wake ali pa sukulu chifukwa cha ulendo womwewo. Alipo ana a kuno omwe amadziwa za kumeneko, omwe sangamugwire mwendo."

Dzina sanalitchule, koma aliyense analimva.

Adada anatsokomola, n'kukweza dzanja. "Philomena, ine ndinapita ku migodi ndili mnyamata. Ndinabwera ndi wailesi ndi chifuwa ichi. Wailesi inafa kale. Musiyeni mwana ayankhule."

Kalebe anachoka pampando n'kunjuta pamaso pa bambo ake.

"Adada, ankhazi, ndayenda mokwanira. Dzulo ndinamuimbira bwana wanga, ndinamuuza kuti apeze wina. Sindibwereranso. Ndinapita ku Chikangawa, ndaonana ndi a Bestone, ntchito ya lole ndiyamba mwezi wa mawa." Scholastica anadziwa mmene ulendo wa ku Chikangawawo unamuwawira. "Nyumba ndiimaliza pang'onopang'ono. Ana sasiya sukulu. Koma mkazi wanga ndi uyu. Ndikupempha mutumize thenga ku Dedza akayambe nkhani."

Scholastica anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje. Sanathe kudzigwira. Zaka zonse zija zinatuluka nthawi imodzi, ndipo analira mpaka mapewa kugwedezeka. Adada ankangoti "enya, enya," akugwedeza mutu movomereza. Ngakhale ankhazi, atayang'ana kumbali kwa kanthawi, anausa moyo n'kusuntha pamphasa.

"Bwerani mukhale apa, mama. Musalirire pa dothi ngati mlendo."

Scholastica anasendera n'kukhala pambali pawo. Ndi nthawi yomweyo pamene galimoto inaima kuseri kwa khola.

Samantha, mwana wa a Moyo uja, anabwera atavala chitenje ndi duku, wopanda penti, wooneka ngati mwana wa pamudzi weniweni. Anagwada bwinobwino, anapereka moni kwa akuluakulu m'Chitumbuka chosalala, ndipo ankhazi anamuyankha ndi nkhope yowala. Kalebe anaimirira msangamsanga.

"Samantha, tiye tikayankhule uko."

"Yayi, Kalebe. Takhala tikuyankhula uko nthawi yaitali." Anatembenukira kwa adada. "Bwana wake wandiimbira m'mawa, akundifunsa chifukwa chake Kalebe wasiya ntchito. Ndinasowa choyankha. Ndiye ndati ndibwere ndimve ndekha."

"Bwana wake akufunsa iwe chifukwa chiyani, mwana wanga?" anafunsa adada.

"Chifukwa amandidziwa kuti ndine mkazi wa Kalebe."

Nkhuku yomwe inkatola pafupi ndi mphasa inamveka ngati ikukhoma msomali.

"Samantha, ndapota," anatero Kalebe, mawu atatha mphamvu.

"Munthu sapeza ntchito ya lole kumene kuja ngati alibe zomuyenereza kukhala m'dzikomo, adada. Kalebe analibe. Atachira bala lija, tinapita ku ofesi ya boma, tinaimika mboni, tinalumbira, tinasaina. Ine ndine nzika ya dziko lija, ndiye mwamuna wanga anamulola kukhala. Kumeneko dzina langa ndi Mayi Shaba."

Scholastica anayang'ana Kalebe. Ankafuna aseke, akalipe, anene kuti mkaziyu wapenga. Kalebe ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndi zoona?"

"Schola, zinali za pa pepala chabe. Anthu ambiri amatero kuja. Sitinakhalepo ngati banja, ndikulumbira pamaso pa adada."

"Ndakufunsa ngati ndi zoona."

"Enya."

"Kwa iwe zinali za pa pepala," anatero Samantha, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake ananjenjemera. "Ine ndinakana amuna chifukwa cha pepala limenelo. Ndinkati tsiku lina udzatsegula maso." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kuyang'ana Scholastica. "Akhale kuno, sisi, sindikumukoka. Koma ukwati uja suthera pansi pa mtengo uno. Uthera komwe unamangidwa, pamaso pa woweruza, tonse awiri tilipo. Zimatenga miyezi. Ngati akufuna kukukwatirani, ayambe wabwerera ndi ine. Ndipo ine sindinanene kuti ndikavomera."

Adada anagwidwa ndi chifuwa. Kalebe anatambasula dzanja kuti agwire Scholastica, koma iye analibweza ngati lamoto. Ankhazi anayang'ana mkazi amene anakhala nawo pamphasa, anayang'ana amene anagwada pa dothi, kenako anatembenukira kwa mwana amene anamulera.

"Kalebe, thenga uja wati timutumize. Tsopano tiuze bwinobwino, pamaso pa onse awiri. Apite ku Dedza, kapena apite kwa a Moyo?"